Vinyo wa Alamu Anga a Wiritsani

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anagwira ntchito kuchipatala zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma sanabayepo munthu jakisoni ngakhale kamodzi. Malo awo anali kachipinda kopanda zenera, kuseri kwa chipinda cha opareshoni, kumene ankatsuka ndi kuwiritsa zida za madokotala. Masizasi, timipeni, tizitsulo topanira, zonse zinkayamba zadutsa m'manja mwawo zisanalowe m'mimba mwa munthu. Amati pa zaka zonsezo palibe bala limene linachita mafinya chifukwa cha iwo. Ine sinditsutsa. Ungatsutsane bwanji ndi munthu amene amatsuka sopo asanasambire?

Vuto lake, ntchito ija ankabwera nayo kunyumba. Ukawapatsa madzi akumwa, zikomo wawo anali wakuti, "Mwawiritsa?" Supuni ikagwa pansi, "Wiritsani." Mwana akabwera ndi chidole cha mnzake, "Wiritsani kaye." Tsiku lina ndinaiwala chipeso changa pampando wawo, ndipo ndinachipeza chitapindika ngati nthochi, bambowa atachiphika. Ine ndili ndi saluni, chipeso ndi chimene ndimadyera, koma pepani sanandiuze, anangoti andipulumutsa ku chipere cha anthu. Mumsewu mwawo aliyense amawatcha a Wiritsani, ndipo dzina lawo lenileni ndikuganiza kuti latsala ku ofesi ya penshoni kokha.

Tsono ndisabise, poti popanda ichi nkhaniyi simungaimve. Munthu waukhondo ameneyu anali chidakwa. Osati zongolawa paukwati ngati ine ayi, chidakwa chenicheni chodziwika ndi agalu omwe. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu anali mngelo wovala zoyera, koma Loweruka likafika, yemwe uja wowiritsa supuni unkamupeza dzuwa likuswa mtengo atagona m'mbali mwa msewu, nsapato imodzi palibe. Achemwali anapirira zaka khumi ndi ziwiri. Chinawatopetsa ndi tsiku la masewera kusukulu, pamene mwana wawo wamkazi, ali ndi zaka khumi, anapeza bambo ake atagona pageti, anzake atawazungulira akuwatosa ndi timitengo. Tsiku lomwelo achemwali ananyamula chikwama ndi mwana n'kubwera kwa ine, m'chipinda changa chimodzi, ndipo anakhala miyezi inayi.

Alamu anabwera kudzagwada pakhomo panga kasanu konse, anthu akuona. Ulendo wachisanu ndi chimodzi achemwali anavomera, koma anati, "Tsiku limene mudzalawe mowa, kaya ndi kungonyambita chivindikiro, ine ndidzatuluka, ndipo musadzavutike kubwera kwa mng'ono wanga, simudzandipeza." Achemwali anga salankhula kawiri. Alamu anadziwa, ine ndinadziwa. Zinadutsa zaka khumi ndi zinayi mowa osaulawa, nyumba inakhala nyumba, mwana uja anakula n'kukwatiwa ndi mphunzitsi.

Kenako anapuma pantchito. Abale inu, mwamuna wopuma pantchito ndi katundu wovuta kusunga. Sabata yoyamba anawiritsa makatani. Yachiwiri anayamba kuima kumbuyo kwa achemwali akamatsuka mbale, manja kumsana, ngati woyang'anira mayeso. Mwana wawo, pofuna kupulumutsa mayi ake, anawagulira foni yaikulu kuti azionera mavidiyo. Apo ndiye tinadziputira tokha. M'foni muja anakumanamo ndi bambo wina wandevu zoyera wopanga vinyo m'khitchini mwake, ndipo tsiku lina, ine ndili komweko pa chakudya chamasana, alamu anapukuta pakamwa n'kulengeza kuti apeza chochita.

"Ndiyamba kupanga vinyo."

Supuni ya achemwali inaima m'malere.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Vinyo, mayi. Musandiyang'ane choncho. Vinyo si mowa. Vinyo ndi zipatso, ndi luso, ndi ukhondo. Anthu ophunzira amachita zimenezi akapuma."

Achemwali anadzuka, analowa kuchipinda, ndipo ndinamva akutsitsa chikwama pamwamba pa kabati ya zovala. Sanalongedze ayi, anangochipukuta fumbi n'kuchiika pafupi ndi chitseko kuti aliyense wolowa azichiona.

Kachipinda kosungiramo katundu kanasanduka fakitale. Alamu anatulutsa njinga yakufa, matayala ndi mipando yothyoka, anakolopa katatu, anapaka laimu, pachitseko n'kumatapo pepala loletsa kulowa ndi nsapato. Anali atasunga jasi loyera la kuntchito. Analivala, ndi magolovesi, ndi masiki, n'kuyamba kusenda zinanazi ngati akuchita opareshoni. Madzi ake anawasefa pansalu yowiritsa, anawathira m'ndowa, anaikamo shuga ndi yisiti monga anachitira bambo wa m'foni uja. Mpaka apa anayendera limodzi. Koma bambo wa m'foni anangovindikira ndowa yake n'kuisiya pakona kuti ipse yokha, ndipo alamu anapukusa mutu mwachisoni.

"Mukuuona umve wake? Yisiti uyu wachokera kusitolo. Wagwiridwa ndi manja angati? Ndiye munthu ungomuthira m'chakumwa n'kusiya milungu itatu? Anthu adzafa."

Choncho anakhuthulira zonse m'chimphika, madzi a zipatso, shuga ndi yisiti yemwe, n'kuziwiritsa mphindi makumi awiri, maso ali pawotchi. Zili zotentha choncho anazithira m'mabotolo owiritsa, anatseka ndi zivindikiro zowiritsa, botolo lililonse n'kulimata kapepala ka tsiku ndi dzina la chipatso. Anawandandalika pashelefu, anakiya chitseko, n'kunena kuti vinyo apsa pakatha miyezi itatu.

Miyezi itatu imeneyo achemwali anaonda. Tsiku lotsegula botolo loyamba anandiitana, poti m'banja mwathu ndine ndekha wodziwa kakomedwe ka zinthu zimenezi, ndipo sindichita nazo manyazi. Alamu anavala tayi. Anathira vinyo m'tambula, anaikweza kuyang'anitsa kuzenera, n'kuizunguza pang'onopang'ono.

"Alawe kaye mng'ono wanga," achemwali anatero. "Inu dikirani."

Ndinalawa. Ndinalawanso. Mayo ine! Anali madzi a chinanazi chophika, otsekemera moti mano anandiwawa. Mowa munalibe, ngakhale woti n'kuledzeretsa ntchentche. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiseke, koma achemwali anandigwira mkono, akuti ndikawathandize kuona mpunga pamoto.

"Zili bwanji?" ananong'ona titafika kukhitchini.

"Achemwali, ameneyu mukhoza kumwetsa khanda. Yisiti anamupha yense pophika paja. Ngakhale wophika mabanzi amadziwa kuti yisiti samuthira m'madzi owira."

Achemwali anakhala pampando n'kulira pang'ono, mwakachetechete, kulira kwa munthu amene watula katundu. Kenako anapukuta maso, ndipo ndinaona nkhope imene ndimaiopa kuyambira ndili mwana.

"Ukawauze kuti ndi waukali."

"Ndiwanamize?"

"Iwe, ganiza. Ukawauza kuti alakwitsa, afufuza polakwika, ndipo munthu uja akafufuza amapeza. Akapeza, m'nyumba muno mulowa mowa weniweni, ine n'kutuluka. Pa msinkhu wanga uno ndipita kuti? Kwa iwe, m'kachipinda konunkha mankhwala a tsitsi kaja?"

Za kachipinda kanga zinandiwawa, poti kanawasunga miyezi inayi osadandaula, koma ndinameza. Ndinabwerera pabalaza, ndinamwa tambula yonse, ndinatsokomola, n'kudzimenya pachifuwa.

"Alamu, mukufuna kutipha? Ameneyu ndi moto!"

Alamu anamwetulira mpaka mano am'mbali kuoneka. Achemwali, akudzionetsa ngati munthu wogonja, anakhazikitsa lamulo latsopano: vinyo wopanga okha ndi manja awo, matambula awiri, Loweruka masana, pakhomo pomwepo. Mowa wa kwina kulikonse, mawu akale aja akadali pomwe analili. Chikwama chinabwerera pamwamba pa kabati.

Umu ndi mmene Loweruka la kwa a Wiritsani linayambira, ndipo linakhala zaka zitatu. Pakhonde pankaikidwa tebulo ndi nsalu yoyera. Panali vinyo wa zinanazi, wa magwafa, wa nthochi, ndi wina wa mandimu amene ankakwinyitsa nkhope mpaka Lolemba. Alamu anatiphunzitsa kuti vinyo sagubudiza ngati madzi. Umayamba wanunkhiza, kenako umamuyendetsa m'kamwa, ndiye umanena zimene ukumva. Iwo ankamva mvula yoyamba, nthawi zina thabwa latsopano. Ine ndinkamva shuga, koma ndinkati maluwa.

Amene anatisautsa ndi a Makaniki a nyumba yoyandikana nayo. Iwowa ndi katswiri pa mowa, sakananamizika, ndiye achemwali anawauza chinsinsi n'kuwachenjeza kuti akadzangoulula adzaona polekera. A Makaniki anavomera, koma anaonjeza. Tambula yoyamba, lilime layamba kale kulemera. Yachiwiri, nyimbo. Ponyamuka ankadzandira kuchokera pakhonde mpaka pageti, ndipo tsiku lina anadzigwetsa m'maluwa a achemwali mwaluso moti ine ndemwe ndinakhulupirira. Ndinkawatsina. "A Makaniki, chepetsani, si sewero ili." Iwo amvekere, "Mayi, ine sindigwira ntchito yatheka." Akangotuluka pageti ankawongoka bwinobwino n'kulunjika kubala, akuti kukatsukuluza shuga.

Alamu nawo ankaledzera, koma mwaulemu. Akamaliza tambula yachiwiri ankamasula tayi, ankaseka nthabwala zakale za mnzawoyo ngati akuzimva koyamba, ndipo kamodzi anawagwira dzanja achemwali pamaso pathu n'kuwaitana dzina la pautsikana. Achemwali anati, "Mwaledzera inu," koma dzanja sanachotse.

Chimene alamu ankanyadira kwambiri n'chakuti mabotolo awo saphulika. M'foni muja anthu ankadandaula kuti vinyo wawaphulikira m'kabati, wina mpaka denga lonse linathimbirira. Alamu ankatiwerengera madandaulo amenewo mokweza, akupukusa mutu. "Ine botolo ngakhale limodzi, chiyambireni. Ukhondo, alamu, ukhondo." Ine ndinkavomera ndi mutu. Liphulika bwanji botolo loti mulibe chamoyo? Chimene chinkaphulika ndi madiresi anga, chifukwa matambula awiri a shuga Loweruka lililonse sapita pachabe. Nditadandaula kwa achemwali, anati ndizisoketsa okulirapo.

Mbiri inafika kutchalitchi. Amayi atatu a kwaya anabwera kudzawalangiza achemwali kuti akusunga fakitale ya Satana m'nyumba, ndipo achemwali, amene akanatha kudziyeretsa ndi mawu awiri, anangoweramitsa mutu n'kulandira. Mmodzi wa amayiwo, wa mawu okwera uja, anabweranso yekha mawa lake, akuti m'mimba mukumuvuta ndipo wamva kuti vinyo pang'ono amathandiza. Anamwa theka la tambula ya magwafa. Pasanathe mphindi khumi anavula duku, n'kuyamba kutiuza amene amaimba mokhota m'kwaya, amene anaba nsalu ya patebulo, ndi amene akuyenda ndi woimba kiyibodi. Tinamuperekeza atatikoleka manja m'mapewa. Madzi a magwafa ophika, abale!

Woopsa kwenikweni anali mkamwini, mphunzitsi uja, poti amaphunzitsa sayansi. Mwana wabwino, koma ali ndi matenda a aphunzitsi onse, sangaone cholakwika n'kungodutsa. Tsiku lina anapeza apongozi ake akutakasa yisiti m'chimphika chowira. Anakonza magalasi n'kuyamba.

"Bambo, pepani, koma yisiti ndi chinthu chamoyo. Kuti shuga asanduke..."

Ndinamuponda phazi ndi chidendene cha nsapato, ndipo ine si munthu wopepuka. Ndinamukokera kuseri kwa nyumba.

"Aphunzitsi, sayansi yanu muziisiya pageti pamodzi ndi njinga. Mukufuna apongozi anu aakazi adzakhale kwa inu?"

Anaganiza pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo nayenso ankamva mvula yoyamba.

Chaka chachitatu diso lamanzere la alamu linachita ng'ala. Anadikira nthawi yaitali kuti awaitane kuchipatala, ndipo foni inabwera m'mawa wina ali pakati pa ntchito: dokotala wa maso wabwera, afike lero lomwe. Madzi a zinanazi anali kale m'ndowa yaikulu, shuga ndi yisiti atathira, kungotsala kuwiritsa. Achemwali anadzera ku saluni n'kundiponyera makiyi.

"Ukaweruka ukawiritse zili m'ndowazo. Lero, wamva? Osati mawa."

"Ndamva, achemwali."

Ndinamvadi. Koma sabata imeneyo ndinali ndi akwati awiri ndi operekeza awo khumi ndi anayi, aliyense akufuna tsitsi la pachithunzi pamutu wopanda tsitsi. Ndinapita nditaweruka, ndinayang'ana ndowa ija, ndinayang'ana chimphika, ndinayang'ana miyendo yanga yotupa, ndinavindikira n'kunena kuti mawa. Opareshoni inayenda bwino, koma dokotala analetsa utsi, fumbi ndi kuwerama, choncho mwana wawo anawasunga onse awiri kwawo milungu itatu. Mawa langa lija nalonso linakhala milungu itatu. Mlandu ndi wanga, sindikana.

Ndinakumbuka m'mawa wa tsiku lobwerera, nditapita kukawasesera m'nyumba. Nditangotsegula chitseko cha kukhitchini, fungo linandilonjera. Aliyense amene anadutsapo pakhomo pa bala amalidziwa fungo limenelo. M'fakitale muja chivindikiro chinali chitasendera pambali, thovu litaumira m'mbali mwa ndowa, ndipo m'kati munali madzi achikasu ombee, timathovu tikukwera kamodzikamodzi. Ndinaviika chala n'kulawa. Ambuye! Vinyo. Weniweni, wokoma, wotentha pakhosi. Zimene zinakanika magolovesi ndi wotchi zaka zitatu, ulesi wanga unakwanitsa.

Ndinayesa kunyamula ndowa kuti ndikatayire kuseri. Inali yodzaza, sinasunthe. Ndikulimbana nayo choncho ndinamva galimoto pageti, kenako a Makaniki akulonjera odwala, ndipo ndisanapeze bodza loyenera, onse atatu anali ataima pakhomo pa kachipinda: alamu kutsogolo ndi diso lawo latsopano, achemwali kumbuyo, a Makaniki mphuno ili m'mwamba akununkhiza.

Achemwali anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndikanakonda akanandimenya.

"Alamu," ndinayamba, "pepani, ine..."

Sanandimve. Anatenga tambula pashelefu, osaitsuka n'komwe, n'kutunga. A Makaniki, amene ulemu unali utawathawa, anatenga kapu yoyezera shuga, anatunga nawo, n'kugubudiza. Anatseka maso. Atawatsegula munali misozi.

"Achimwene! Uyu ndiye vinyo! Uyu ndiye weniweni, osati..."

Anaima pomwepo, koma mawu anali atatuluka kale. Alamu anakweza tambula kufika pamphuno. Ananunkhiza nthawi yaitali, ndipo ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Achemwali sanawagwire mkono, sanalire. Anangoima atagwira felemu ya chitseko, akudikira kuti aone ngati akadali ndi banja. Ine ndinkapemphera mapemphero amene ndinawaiwala kalekale.

Alamu anatsitsa tambula.

"Zaonongeka," anatero.

"Zatani?" a Makaniki anakuwa.

"Zaonongeka. Simukuliona thovu? Simukulimva fungo? Majeremusi okhaokha. Izi ndi zimene zimachitika munthu akapanda kuwiritsa. A Makaniki, inu mwamwa kale, mukamwe madzi ambiri, ndipo mukayamba kutsegula m'mimba musadzati sindinanene. Alamu, gwirani uko."

Tinainyamula awiri, ine mbali iyi iwo mbali iyo, malamulo a dokotala ataiwalika. A Makaniki anatitsatira mpaka kuseri akudandaula ngati pamaliro, akuti awapatseko chigubu chimodzi chokha akatsukire injini. Alamu anapendeketsa ndowa pangalande ya pampopi. Vinyo yekhayo amene anapsapo m'nyumba imeneyo anayenderera kulowera kunsi kwa mpanda, ndipo a Makaniki anamuperekeza ndi maso mpaka anatha, kenako anapita kwawo osatsanzika. Achemwali anali atalowa kale kuchipinda. Ndinawamva akumina.

Tinatsala awiri pampopi. Ine manyazi anali atandigwira, ndiye pakamwa panga, monga mwa nthawi zonse, panayamba kuyenda pokha.

"Mwachita bwino, alamu. Zinaonongekadi. Vinyo wanu wa masiku onse uja ndiye..."

"Alamu," anandidula. "Ine ndamwa mowa kuyambira ndisanamere ndevu mpaka imvi zitayamba. Ndipo moyo wanga wonse ntchito yanga inali kupha tizilombo ndi madzi owira. Mukuganiza kuti sindidziwa chimene chimachitika yisiti akalowa m'chimphika?"

Ndinawatembenukira.

"Ndiye zaka zitatu zonsezi mumangotionera?"

"Inunso mumandionera. Palibe anapweteka." Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Nditapuma ntchito, Loweruka linayamba kutalika. Miyendo inkafuna kundipititsa kumene inazolowera. Ndinaona kuti ndikapanda kukhala ndi tambula m'manja ndi anthu pakhonde, ndipita. Ndiye ndinapanga zoti nditha kumwa."

"Achemwali akudziwa?"

"Achemwali anu avutika mokwanira. Asiyeni."

Apa ndi pamene ndinaona manja awo. Anali atawabisa m'matumba a buluku, ngati akuopa kuti angafikire ndowa ija. Anabwerera m'mbuyo, kutali ndi ndowa, n'kutembenuzira nkhope kumpanda.

"Pansi pa ndowapo patsala pang'ono," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndikukupemphani, tsukani ndinu. Musasiye ngakhale kadontho, ndipo m'ngalandemo muthiremo madzi ambiri. Chifukwa mukasiya, alamu, ine ndibwera."

Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo nthabwala zonse zinandithera. Ndinatsegula mpopi mpaka kumapeto. Ndinatsuka ndowa ija katatu, ndinakhuthulira madzi m'ngalande mpaka mikono inatopa, ndipo nthawi yonseyo iwo anaima pomwepo atafulatira, osatembenuka, mpaka nditawauza kuti fungo latha.